Ankati mlendo ndi mame, koma ife tidakali pano

Bambo anga anachoka ku Dedza mu 1957 pa lole ya Mthandizi, bungwe lomwe linkatenga anthu kukagwira ntchito ku mafamu a ku Rhodesia, atauza amayi awo kuti akangopeza ndalama ya njinga ndi mabulangete awiri abwerera. Njinga anagula. Kubwerera ndiye ayi. Anathera pa famu ya fodya kufupi ndi Banket, kuno ku Zimbabwe, n'kukwatira mwana wa mchona mnzawo, ndipo ine ndinabadwira pa komboni ya famu imeneyo mu 1981, wachisanu m'mimba mwa amayi. Ku Malawi ndinapitako kamodzi kokha, pa maliro, ndili ndi zaka 9. Chomwe ndimakumbukira ndi kuzizira kwa ku Dedza, ndi ana amene ankandiseka kuti Chichewa changa n'chothira mchere wa Chishona.

Bambo anali ndi mawu awo amene anatilera nawo. Wailesi ikayamba za ndale ankaitembenuza n'kunena kuti, "Mlendo ndi mame, ana inu. Za eni nthaka muzisiyira eni nthaka." Sindikuwaimba mlandu. Munthu amene anakhala moyo wake wonse m'nyumba ya mzungu, kumwa madzi a mzungu, n'kumaika ana ake m'manda a pa famu ya mzungu, anaphunzira kuti wosayankha sakwapulidwa. Ine mawuwo ndinawameza osatafuna, ndipo anakhala m'mimba mwanga zaka 38. Ananditayitsa ndalama, ananditayitsa nthawi, ndipo mwana wanga anatsala pang'ono kusiya sukulu chifukwa cha iwo. Ngati muli ndi chitupa chonga chomwe ndinali nacho, kapena m'nyumba mwanu muli mwana wosalembetsedwa, muwerenge mpaka pansi.

Chitupa ndinatenga mu 1997, nditakwana zaka 16. Chinali chachitsulo chija, chozizira m'manja, nkhope yako ikuoneka ngati ya munthu womira m'madzi. Nambala yake inkathera ndi 00, ndipo pamene anzanga a Chishona panalembedwa CIT, kutanthauza nzika, ine panalembedwa ALIEN, kutanthauza mlendo. Sindinadandaule. Ndinkaona ngati ndi mmene amalembera mtundu wa munthu, ngati kunena kuti uyu ndi Mchewa, uyu ndi Mndebele. Kutchedwa mabhurandaya kapena mabwidi, maina onyoza ife a makolo ochokera ku Malawi, tinali titazolowera kuyambira ku pulayimale. Chitupa ndinachikulunga m'kansalu n'kuiwala.

Zinayamba kuwawa mafamu atayamba kulandidwa mu 2000. Achimwene anga aakulu, amene chitupa chawo chinali cha CIT, anavota chaka chimenecho. Mu 2001 kunabwera lamulo loti aliyense amene angathe kukhala nzika ya dziko lina akane unzika umenewo pasanathe miyezi isanu ndi umodzi, apo ayi wataya unzika wa Zimbabwe. Pa komboni panalibe amene anamvetsa. Ukana bwanji dziko lomwe sunakhalemo? Mu 2002 achimwene anapita kukavota n'kupeza dzina lawo palibe. Ndi zaka zomwezi pamene a Robert Mugabe ananena poyera za anthu a ku Mbare, mu Harare, kuti ndi anthu opanda mutupo, kutanthauza chiwongo. Bambo atamva anaseka mpaka kutsokomola. "Ine Phiri ndilibe chiwongo?" Koma atatha kuseka anabwereza mawu awo a mame aja, ndipo tonse tinagwedeza mitu.

Famu yathu itatengedwa, ine ndinatsikira ku Harare. Ndinakwatiwa, ndipo tinkachita lendi kanyumba ka matabwa kuseri kwa nyumba ya munthu ku Mbare. Mu Meyi 2005 kunabwera Murambatsvina, ntchito ya boma yogwetsa nyumba ndi misika yomwe linkati ndi yosaloledwa. Anatiuza kuti tigwetse tokha kanyumbako dzuwa lisanalowe. Ndinapulumutsa mapoto, matiresi ndi wailesi. Envulopu ya khaki yomwe ndinkaisomeka pakati pa denga ndi mtanda, mmene munali setifiketi yanga yakubadwa, ndinaikumbukira patapita masiku atatu, matabwa atatenthedwa kale. Lipoti la United Nations linati anthu pafupifupi 700,000 anataya nyumba kapena ntchito pa nthawi imeneyo. Ine ndinkaona kuti pepala limodzi si kanthu poyerekeza ndi kugona panja mu Juni. Chitupa chinapulumuka chifukwa chinali m'chikwama cha pa msika.

Apa ndiime pang'ono. Setifiketi yakubadwa ikapsa, dzina lanu silinapse nayo. Linalembedwa m'kaundula wa boma, ndipo mungathe kupempha ina. Ine ndinakhala zaka 16 ndisakudziwa zimenezi, ndikuganiza kuti chopsa chapsa. Pa setifiketi pali nambala ya kaundula. Ilembeni penapake, kumbuyo kwa Baibulo ngakhale, ndipo jambulani pepalalo pa foni n'kutumizira m'bale wanu pa WhatsApp. Mapepala onse a banja asamagone denga limodzi.

Tinasamukira ku Dzivarasekwa, dera lina la mu Harare momwemo. Mwana wanga wamwamuna anabadwa mu Novembala 2008, ndipo amene analipo akukumbukira chaka chimenecho. Kolera inali ikusesa ku Budiriro ndi ku Glen View, ndalama inkatha mphamvu uli pa mzere wa buledi, zipatala za boma zinali zitangotsala dzina. Matenda atandiyamba usiku, amene anandithandiza ndi agogo ena a ku mvano, azamba akalekale a pa famu, ndi lezala latsopano ndi madzi owiritsa pa mbaula. Mwana anabadwa bwinobwino. Koma wobadwira kunyumba sakhala ndi kapepala kaja kamene chipatala chimapereka kochitira umboni kuti wabadwa. Patapita milungu ingapo ndinayamba kupita naye ku sikelo, anandipatsa khadi la katemera, ine n'kumati basi, mwana ali ndi pepala.

Mu 2009 bambo ake anapita ku Johannesburg kukasaka ganyu. Chaka choyamba ankatumiza mafuta ophikira ndi sopo pa basi. Chachiwiri ankaimba foni. Chachitatu anachona, monga mmene anachonera apongozi awo. Cholakwa changa chachikulu chili apa: ndinkadikira kuti abwere tikalembetse mwana limodzi, kuti atenge dzina la bambo ake. Ndinkaopa kuti mwana wolembedwa dzina la kwa amayi anthu adzamutcha wapathengo. Palibe amene anandiuza, ndipo inenso sindinafunse, kuti mayi angathe kulembetsa mwana yekha pa dzina lake. Lamulo limafuna kuti mwana alembetsedwe pasanathe masiku 42 chibadwire. Wanga anafika zaka 13.

Mu 2013 dziko linalandira malamulo atsopano oyendetsera dziko. Ndime 43 ya malamulowo imati munthu amene anabadwira mu Zimbabwe malamulowo asanayambe kugwira ntchito, kholo lake limodzi kapena onse ali nzika za dziko la mu SADC, ndipo iye akukhala mu Zimbabwe, ndi nzika yobadwa nayo. Ndiye kuti kuyambira chaka chimenecho ine ndinali nzika, ALIEN wa pa chitupa uja anali bodza lotsalira. Tsiku lina titaweruka ku CCAP, mayi wina wa mu mpingo mwathu, mphunzitsi wopuma, anaimirira n'kufotokoza zonsezi, akuti tiyeni tikasinthitse zitupa. Ndikukumbukira bwino zomwe ndinanong'oneza mnzanga: "Amayiwa akufuna ukhansala." Tinaseka. Kumapeto kwa 2017 Khoti Lalikulu linalamulanso kuti anthu obadwira muno a zitupa za ALIEN aloledwe kulembetsa m'kaundula wa mavoti. Ndinamva pa kombi, ndinayang'ana pawindo.

Chimene chinandidzutsa ndi mpira. Mu 2019 mwana wanga anali ndi zaka 10, akupita ku 11, ndipo ankasewera kutsogolo mu timu ya sukulu. Anasankhidwa kukasewera ndi masukulu ena. Usiku wake anachapa yekha masokosi, n'kuwayanika pa mpando pafupi ndi mbaula kuti aume. M'mawa ndinamupatsa dola ya maputi ndi firiziti. Isanakwane 9 koloko ndinamuona akubwera pa tebulo langa la tomato, nsapato za mpira zobwereka zili m'khosi. Sanalire. Anangoti, "Amayi, akuti opanda befi atsike m'basi, sakudziwa zaka zathu." Befi ndiye setifiketi yakubadwa. Anakhala pansi pa tebulo tsiku lonse, osadya maputi aja. Madzulo anandifunsa funso lomwe mpaka lero limandilasa: "Kodi ineyo ndine wa kuti?"

Lolemba lotsatira ndinadzuka 4 koloko, osapita ku Mbare kukapikula, n'kulunjika ku ofesi ya zitupa. Ndinapeza mzere utakhota kale pakona. Anthu ena anagona pomwepo pa makatoni. Manambala anaperekedwa, anathera anthu asanu kutsogolo kwanga. Tsiku lachiwiri ndinafika 3 koloko, ndinalowa masana. Mayi wa pa kauntala anatembenuza chitupa changa chachitsulo, n'kundiyang'ana. Sanali wamwano, anali wotopa. Anandiuza kuti ndiyambe ndakonza zanga, chifukwa mwana adzatsata mmene ine ndalembedwera. Anafuna setifiketi yanga yakubadwa yaitali, yosonyeza kumene makolo anachokera, ndi chitupa cha bambo kapena setifiketi ya imfa yawo. Za mwana anati ndibweretse khadi la sikelo, kalata ya ku sukulu, ndi mboni yomwe inaona mwanayo akubadwa, ili ndi chitupa chake. Ndinatuluka ndilibe ngakhale chimodzi mwa zinthu zanga, kupatula khadi la sikelo lomwe mphemvu zinali zitadya m'mbali.

Ndikadadziwa, ndikadapita ndi kope ndi cholembera, n'kulemba zonse mayiyo akunena, n'kumuwerengera kuti atsimikize. Zofunika zimasiyana malinga ndi nkhani ya munthu, ndipo zimene anauzidwa mnzanu wa pa mzere si zanu. Ine ndinadalira mutu, ndinaiwala za kalata ya ku sukulu, ndipo ulendo wina wathunthu unapita padera chifukwa cha chimenecho.

Bambo anamwalira mu 2011, amayi anatsogola kale. Katundu wawo anagawanagawana, ndipo palibe amene ankadziwa kumene chitupa chawo chinapita. Ndinafunsa achemwali ku Chinhoyi, ndinafunsa achimwene amene tsopano ali ku Kadoma, aliyense ankaloza mnzake. Miyezi inapita. Kenako kumapeto kwa Malichi 2020 dziko linatsekedwa chifukwa cha Covid, maofesi anatseka kapena ankangothandiza anthu ochepa, ndipo ife a pa msika tinkathamangitsana ndi njala. Za mapepala ndinaziika pambali chaka chathunthu.

Mu 2021 mwana anafika Giredi 7 ndipo ku sukulu anayamba kufunsa setifiketi polembetsa mayeso. Mantha anandigwira, ndipo mantha ndi amene anandipereka kwa wakuba. Kunja kwa ofesi kuja kumakhala anyamata ovala bwino, ena atanyamula mafayilo, amene amakuyandikira n'kukufunsa vuto lako mwaulemu. Wina anandimva ndikulankhula Chichewa pa foni, nayenso anayamba Chichewa. "Amayi, musavutike, ndife amodzi. Agogo anga ndi a ku Ntcheu." Anati ali ndi munthu wake m'kati, zonse zitheka pa sabata imodzi, mboni sizifunika. Mtengo madola 120, koma poti ndine wakwathu ndipereke 80. Ndinatenga ndalama ya chipereganyu yomwe inali mpamba wanga wa tomato, ndinamupatsa 50 pamanja, 30 pa EcoCash. Anatenganso mafotokope a chitupa changa. Sabata yoyamba ankayankha kuti bwana wapita ku maliro. Yachiwiri foni inkangolira. Yachitatu nambala inali itazimitsidwa.

Sindinauze munthu kwa mwezi wathunthu. Manyazi. Ndinkagulitsa tomato wa ngongole, phindu lonse likupita kwa mwini kireti. Ndikuuzeni mosabisa: munthu aliyense wokupezani panja n'kunena kuti ali ndi wake m'kati, musiyeni, ngakhale atatchula mudzi wa agogo anu ndi mfumu yake. Ndipo mwayi wanga ndi woti anangothawa. Akadandibweretsera pepala lachinyengo, bwenzi mwana wanga akuyenda ndi mlandu m'thumba moyo wake wonse. Ndalama iliyonse yolipira boma imalipiridwa pa kauntala, ndipo amakupatsa lisiti.

Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Amene ndinakamuululira pamapeto pake ndi mayi mphunzitsi uja, yemwe ndinamuseka mu 2013. Ndinapita kwawo madzulo ndi mbale ya tomato ngati chophimba kumaso. Anandimvetsera osandidula, kenako anati, "ANaphiri, bambo anu anaikidwa ndi sosaiti iti?" Funso limeneli silinandibwerere m'mutu zaka ziwiri zonsezo. Machona anayambitsa masosaiti a maliro kalekale kuti munthu asaikidwe ngati galu kudziko la eni, ndipo alembi ake amasunga mabuku kuposa maofesi ena. Loweruka tinapita limodzi kwa mlembi wa sosaiti ya bambo ku Mufakose. Mkuluyo anatulutsa sutikesi yachitsulo pansi pa bedi. M'kati munali mabuku akuda omangidwa ndi mphira ya chubu, ndipo pa tsamba la 2011 panali dzina la bambo, nambala ya chitupa chawo, ndi fotokope ya chilolezo choikira maliro itamatidwa ndi selotepi yachikasu. Ndinalira pamaso pa anthu.

Ndi nambala imeneyo tinatha kupeza setifiketi ya imfa. Mayi yemweyo ndi amene anandiuza kuti ndikapemphe setifiketi yanga ina pogwiritsa ntchito nambala ya chitupa changa. Inatuluka patatha milungu itatu. Zaka 16 ndikulira pepala lomwe linkandidikira m'kaundula. Ku sukulu, ahedi anamulembetsa mwana mayeso nditawaonetsa kuti nkhani ili m'njira, atandilonjezetsa kuti Fomu 1 isadzayambe pepala lisanabwere. Lonjezo limenelo sindinalikwanitse pa nthawi yake, ndipo anayamba Fomu 1 mochedwa milungu isanu ndikuchonderera.

Chinatichedwetsa ndi chilembo chimodzi. Kalaliki wa pa famu amene analembetsa bambo kalekale analemba Piri. Pa setifiketi yanga panali Phiri. Kwa ife ndi dzina limodzi, koma pa kauntala ndi mabanja awiri. Anafuna kalata yolumbirira yochokera kwa m'bale wamkulu, ndiye ndinayenera kulipirira achimwene basi kuchokera ku Kadoma, iwo akunyinyirika njira yonse. Yang'anani zilembo za maina pa mapepala a banja lanu lero lomwe, akuluakulu adakali moyo. Wakufa salumbira.

Inatsala mboni. Agogo azamba aja anali atasamuka kalekale, ena ankati anamwalira. Ndinafunsa ku mvano, ndinafunsa kwa anthu a gule amene amadziwana kuyambira ku Dzivarasekwa mpaka ku mafamu, ndipo mnyamata wina anati anawaona kwa mdzukulu wawo kufupi ndi Norton. Ndinawapeza atakhala pa mphasa, maso atachita ng'ala. Nditadzitchula anandigwira kumaso n'kunena kuti, "Mwana wa usiku wa mvula uja? Amene anatuluka ndi dzanja patsaya?" Anali ndi zaka zopitirira 80. Akadatisiya chaka chimenecho, sindikudziwa ndikadagwira mtengo wanji.

Mu Epulo 2022 boma linayamba kalembera woyendayenda, amene anapitirira mpaka kumapeto kwa Sepitembala, maofesala akubwera m'maholo ndi m'masukulu a m'makomboni. Atafika kwathu ndinachita hayala galimoto kukatenga agogo ku Norton. Anthu a pa mzere ataona nkhalamba anatipatsa njira. Anafunsidwa mafunso ochepa, anadinda chala. Tsiku limenelo sindinalipire kalikonse. Chitupa changa chatsopano chapulasitiki chinatuluka cholembedwa CIT, ndipo setifiketi ya mwana tinakatenga patapita masiku. Anaigwira ndi manja awiri ngati mbale ya msuzi wotentha, n'kuwerenga dzina lake mokweza kawiri.

Nditawerengetsa m'kope langa la ngongole, nkhani yonse inandidyera madola pafupifupi 310. Wakuba anatenga 80. Hayala ya agogo 40. Maulendo a ku Chinhoyi, Kadoma ndi Norton, makombi a m'tauni, mafotokope ndi makalata olumbirira zinadya pafupifupi 100. Zotsalazo ndi masiku 19 amene tebulo langa linali lovundikira, kuphatikizapo makireti awiri a tomato amene anaola. Zolipira ku boma zenizeni zinali zochepa kwambiri pa zonsezi. Ndikadamulembetsa ali khanda, bwenzi zitangondidyera kombi yopita ndi yobwerera.

Pa mizere ija ndi pamene maganizo anga anatembenukira. Poyamba ndinkati vutoli ndi la ife mabhurandaya basi, chilango cha kubadwa kwa machona. Koma ndinagona pa katoni limodzi ndi mayi wa ku Mutoko wolera adzukulu atatu amasiye opanda pepala ngakhale limodzi, ndi mtsikana wa ku Tsholotsho amene agogo ake anaphedwa m'zaka za m'ma 1980 popanda setifiketi ya imfa, vuto n'kutsikira kwa amayi ake mpaka kwa iye. Eni nthaka amene bambo ankanena aja anali pa mzere womwewo, akuzizidwa chimodzimodzi. Komanso ndinaona kuti lamulo lomwe linandimasula linalembedwa mu 2013 chifukwa anthu ena anapita ku misonkhano, analankhula, ena anakasuma kukhoti, pamene ine ndinkaseka kumbuyo kwa tchalitchi. Ndinadya za m'munda womwe sindinalime nawo.

Sikuti aliyense amene anadutsa m'zimenezi amaganiza ngati ine. Achimwene anga, amene anafufutidwa m'kaundula mu 2002 n'kutaya ntchito ya utalakitala chaka chomwecho, safuna kumva za voti. Amati anavota kamodzi ndipo anawalanga kawiri. Nkhani ya minda ikayamba amatuluka panja. Pomwe mnzanga wa tebulo loyandikana nalo, Mzezuru, ndiye kuti Mshona, makolo ake analandira munda nthawi yomweyo ndipo ndi umene unaphunzitsa ang'ono ake onse. Iye akamati nthaka inabwerera kwa eni ake amanena ndi mtima wonse, ine ndikamva mawu omwewo ndimaona amayi anga atakhala pa mtolo wa ziwiya m'mbali mwa msewu wa ku Chinhoyi. Tinakanganapo mpaka osalankhulana sabata. Pano ndinasiya kumuona ngati wouma mtima. Sanagonepo pa komboni, inenso sindinalimepo mchenga wa kumudzi kwawo umene makolo ake anakankhidwirako ndi atsamunda. Timasungirana tebulo wina akapita kuchimbudzi, ndipo nkhani ya minda timaiyamba pokhapokha tomato akatha msanga.

Msonkhano woyamba wa anthu a m'dera lathu umene ndinapitako unali wa madzi. Kwathu mipopi imatha masabata ili youma, ndipo pa mjigo panali anyamata amene anadziika okha kukhala eni mzere, kumalipiritsa chidebe chilichonse, amayi ndi atsikana akuima pamenepo mpaka usiku. Kale ndikadangolipira n'kudandaulira m'khitchini. Tsikulo ndinakweza dzanja, mawondo akuombana. Ndinalankhula Chishona changa cha pa famu, ndipo kumbuyo wina anati, "Nhai, vekuMalawi vanotaurawo?" kutanthauza kuti, kodi a ku Malawi nawonso amalankhula? Anthu anaseka. Ndinatulutsa chitupa m'chikwama n'kuchikweza m'mwamba, osanena kanthu, kenako ndinapitiriza za mjigo. Musaganize kuti zinasintha tsiku lomwelo. Panapita misonkhano inayi, iwiri khansala osabwera, tisanasankhe komiti ya amayi yoyang'anira mjigowo. Anyamata aja anachoka, ngakhale amabwererabe mjigo wa kutsidya ukawonongeka. Madzi a mumpopi ndiye mpaka lero amabwera mwa apo ndi apo. Kolera itabukanso mu 2023, komiti yathu ndi imene inkayenda khomo ndi khomo ndi mankhwala othira m'madzi, ndipo ine ndinkapatsidwa makomo a agogo olankhula Chichewa ndi Chisena.

Ndikamayenda m'makomomo ndimafunsanso za mapepala a ana. Ena amandiyang'ana mmene ine ndinayang'anira mphunzitsi uja, ndipo ndikudziwa zomwe amanong'onezana ndikatembenuka. Mtsikana wina wa zaka 19, wa mwana kumsana, anandiuza kuti akudikira bambo a mwanayo abwere kuchokera ku Polokwane. Ndinakhala pansi pakhonde pake mpaka dzuwa kupendeka.

Kulembetsa voti kunali kosavuta kuposa zonse: chitupa ndi umboni wa kumene ndimakhala, basi. Pa 23 Ogasiti 2023, Lachitatu, ndinavala chitenje cha mvano n'kufika pamalo ovotera 6 koloko m'mawa, ndili ndi zaka 42, koyamba m'moyo wanga. M'malo ambiri mu Harare mapepala ovotera anachedwa tsiku limenelo, moti m'mawadi ena kuvota kunapitirira mpaka tsiku lotsatira. Pathu anthu anayamba kutopa dzuwa litafika pamutu, ena anabwerera kwawo akutukwana. Ine ndinayala katoni yomwe ndinabwera nayo, n'kutulutsa mbatata yophika. Mizere ndinali nditaiphunzira. Ndinavota kutada, mapepala atatu, la pulezidenti, la phungu ndi la khansala, dzanja likunjenjemera moti ndinaopa kuti ndidutsitsa mzere wa bokosi.

Ndinajambula chala cha inki n'kutumizira achimwene ku Kadoma. Anayankha m'mawa mwake ndi mawu awiri okha: "Zikomo, akhansala." Nthawi imeneyo n'kuti ndili kale ku Mbare, 4 koloko, ndikukangana ndi mlimi wa ku Mutoko pa mtengo wa kireti. Anaona chala changa pamene ndinkasankha tomato, n'kundifunsa ngati nafenso a ku Malawi tinavota. Ndinamuuza kuti ndine wa ku Banket, ndipo kireti yakeyo pansi pake pali tomato wophwanyika, achotseko dola.